Tsiku Limene Ndinasesa Ndisanawerenge Pansi

Ntchito yanga pa kiliniki ya kwathu ndi ya tsache, ndipo sindichita nayo manyazi. Ndimakolopa m'kati, ndimachapa nsalu za pabedi, ndimatentha zinyalala kudzenje, koma chimene anthu amandidziwa nacho ndi bwalo. Kwa zaka zambiri bwalo limenelo linali mbee, kuchokera pakhonde mpaka kumsewu wafumbi wopita ku Mfuwe, popanda ngakhale kaudzu kamodzi. Kakangomera ndinkakazula tsiku lomwelo.

Anthu akumtunda amayesa kuti ife a kuchigwa timasesa chifukwa cha ukhondo wokha. Ukhondo ulipo, koma chachikulu n'china. Kuno timakhala pamodzi ndi nyama, ndipo dothi losesedwa madzulo limakuuza m'mawa amene anadutsa iwe uli mtulo. Amayi anga anandiphunzitsa ndili wamng'ono kuti tsache siliyamba ntchito maso asanamalize yawo. Umadzuka, umazungulira nyumba manja ali kumbuyo, ukuyang'ana pansi. Apa padutsa fisi, apa nungu, apa njovu yaponda ikupita kumitengo ya mango. Ukaona mkukuluzi wa njoka, mzere umene imasiya pokwawa, umautsata mpaka udziwe kumene wathera. Ngati wapita kutchire, zili bwino. Ngati walowa m'khola kapena pansi pa nkhokwe osatulukanso, ana satuluka m'nyumba mpaka njokayo ipezeke. Ukamaliza kuwerenga pansi, ndiye utenge tsache.

Mwa njoka zonse, ine ndimaopa mphiri. Zinazi zikamva mapazi zimathawa. Mphiri siithawa, imangogona phee, khungu lake lofanana ndi masamba ouma, kudikira kuti uiponde. Ndinali ndisanakwane zaka khumi pamene inaluma akulu anga m'munda wa thonje. Sinawaphe. Mwendo unatupa, unada, unayamba kununkha, ndipo pamene ankafika nawo kuchipatala chachikulu panalibenso chochita koma kuudula pamwamba pa bondo. Akulu angawo alipo mpaka lero, amayenda ndi ndodo ziwiri ndipo amaseka kuposa ine. Koma ine ndi amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi masiku amenewo, ndipo fungo lija sindinaliiwale.

Kenaka kunabwera asisita atsopano, namwino woyang'anira kiliniki, mayi wamfupi wochokera ku Chipata, amene Chikunda chathu ankangochimva pang'ono. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka awa kanayambira pa bwalo langa. Sabata yachiwiri anaima pakhonde masana, akuona fumbi likuuluka kulowa m'chipinda chobayira jakisoni.

"Amayi, pano pamatentha ngati pachiwaya," anatero. "Tidzale zinthu."

"Maluwa, asisita? Mbuzi zidya. Zikasiya mbuzi, adya anyani."

"Osati maluwa ogula a m'tauni. Zomera za konkuno, zodziwa dzuwa la kuno. Njuchi zibwere, agulugufe abwere, mbalame nazo. Odwala azikhala ndi choyang'ana akamadikira."

"Njoka nazonso zibwera kudzayang'ana odwalawo," ndinatero.

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti walira mvula walira matope, iwo nati matope tidzawaona akadzafika.

Anadzala. Pakati pa khonde ndi msewu analima malo ozungulira, aakulu ngati bwalo la nyumba ziwiri, ndipo amayi a m'mudzi ankabwera ndi zomera m'madengu pochokera kunkhuni. Munalowa mpungabwi, luni, chewe, timitengo ta mpoza, nthudza ndi chitimbe, ndi udzu wautali pakati. Chisoso, chimene ndakhala ndikulimbana nacho moyo wanga wonse, chinapatsidwa malo ake ngati mlendo wolemekezeka. Anaikamonso phale la mtsuko wosweka loti mbalame zizimwera. Chinthu chimodzi chokha tinagwirizana ine ndi asisita: msangu, mfula ndi mango ayi, chifukwa kumeneko kukanakhala kuitana njovu ku sikelo.

Sindinama, patatha mvula ziwiri malowo anasintha. Fumbi linachepa. M'mawa unkamva njuchi uli kumsewu, ndipo agulugufe ankadzaza mpaka ana odwala malungo ankatukula mutu kuwayang'ana. Amayi a nyumba zoyandikana ankati maungu awo akubereka kuposa kale. Kunabwera apumbwa, atimba, ndi timbalame ta milomo yaitali toyamwa maluwa. Kunabweranso abuluzi, achule ndi mbewa. Anthu ankayamikira zonsezi, koma ine ndinkadziwa chimene chimadya achule ndi mbewa.

Choncho ndinadzipangira lamulo langa. Kuzungulira dimba lonselo ndinasiya kanjira ka mchenga, kotambalala mapazi awiri, ndipo madzulo aliwonse ndisanaweruke ndinkakasesa mpaka kusalala. M'mawa ndinkakazungulira kaye manja ali kumbuyo. Chilichonse cholowa m'maluwa kapena kutuluka chinayenera kusiya chizindikiro pa mchenga wanga. Kanjira kameneko ndi kamene kankandigonetsa tulo.

Koma mantha anandipusitsa kawiri. Ulendo woyamba ndinakuwa kuti njoka, anthu nathawa, koma unali mchira wa ng'azi. Ulendo wachiwiri unali mzere wa paipi ya madzi imene alonda anakoka. Tsiku limenelo amuna a komiti ya zaumoyo anabwera ndi machesi m'thumba, atatopa ndi nkhani ya dimbali, ndipo asisita anawachonderera nthawi yaitali. Potsiriza atcheyamani anati, "Ikadzaonekamo njoka yeniyeni, tiotcha, osafunsanso." Onse atachoka, asisita anandiitanira pambali.

"Amayi, musanakuwe muzionetsetsa kaye. Zaka ziwiri za ntchito zingapse chifukwa cha paipi."

Mawu amenewo anandilasa. Kwa mwezi wathunthu anthu ankandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji, nanga paipi ija yaluma angati lero?" Ndinalumbira mumtima kuti sindidzachitanso manyazi otero.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachitatu la sikelo, mvula itangotha kumene, udzu udakali wobiriwira. Ndinanyamuka kunyumba nthawi yabwino, koma pa dambo ndinapeza njovu zatseka njira, zazikazi ndi ana awo, zikudya mosafulumira. Njovu sungaiuze kuti wachedwa kuntchito. Ndinaima patali ndi anthu ena awiri a njinga mpaka zitawoloka. Pofika ku kiliniki seveni koloko inali itadutsa, asisita anali atamangirira kale sikelo ku mtanda wa khonde, ndipo kumsewu kunkaoneka amayi oyamba ndi ana kumbuyo. Bwalo linali mbwee masamba.

Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa. Sindinazungulire. Chiyambire ntchito imeneyi ndinali ndisanachitepo zimenezo, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandilowa, kupatula changu ndi manyazi a kuchedwa. Ndinayambira mbali ya kumadzulo, kumene kuli mtengo wa bwemba ndi bwato lakale lovundikira limene anthu ankakhalapo ngati benchi. Ndinasesa mofulumira, maso ali kumsewu, ndikukonza m'mutu zokawauza asisita za njovu zija. Nditasesa theka la kanjira kanga, ndinafika mbali ya kum'mawa, ndipo tsache linaima lokha.

Mphiri sikwawa mokhotakhota ngati njoka zina. Imayenda molunjika, n'kusiya mzere wotambalala ngati chikhatho, pakati pake kamzere kakang'ono ka mchira. Uwu sunali wa paipi, sunali wa ng'azi. Unachokera ku ngalande ya kumsewu, unawoloka mchenga wanga, n'kulowa pansi pa mpungabwi. Ndinagwada kuti ndionetsetse, monga asisita anandiuzira, ndipo mchenga unaonetsa bwino lomwe kuti inali kulowa, osati kutuluka.

Ndinayenda mbali yotsalayo pang'onopang'ono. Panalibe mzere wotuluka. Ndinatembenuka kuyang'ana theka limene ndinali nditasesa kale, ndipo panali mizere ya tsache langa yokha, yokongola, yoyera. Ngati njokayo inatulukira kumeneko, ndinali nditafufuta ndekha. Ngati sinatuluke, inali m'maluwamo, pamene pasanathe ola amayi ambiri adzayala zitenje ndi kukhazika makanda pansi.

Ndinkadziwa kuti mankhwala a ululu wa njoka sitisunga pa kiliniki yathu, kuti ambulansi imachokera kutali, ndiponso kuti mtsinje wa panjira unali usanaphwere bwino. Ndinkadziwanso zina. Ndikanena, dimba lipsa lero lomwe. Akaotcha osapezamo kanthu, ndikhala ine wa paipi uja amene ndaotchetsa ntchito ya asisita chifukwa cha mantha anga. Ndipo adzandifunsa ngati inatuluka, ine n'kuyankha pamaso pa anthu onse kuti sindikudziwa, chifukwa ndinasesa ndisanayang'ane ngati mwana wa m'tauni.

Ndinamva mawu a amayi akufika kumbuyo kwanga, akupatsana moni. Ndipo ndinachita chinthu chimene chimandivuta kuchilemba. Ndinasesa mzere uja. Tsache linapita kawiri, basi pansi pakhala poyera.

Ndinadziuza kuti ndilondera ndekha. Mphiri masana imagona, ndinatero mumtima, bola pasapezeke woiponda. Sikelo ikatha ndidzauza asisita awiriwiri, ndipo tidzaifuna mwakachetechete. Maganizo amenewo ankaoneka anzeru kwa kanthawi kochepa, mpaka amayi atayamba kukhala pansi.

Ankakonda kukhala m'mphepete mwa dimba chifukwa kunali kozizirira. Anayala zitenje pa mchenga wanga weniweniwo, misana itatsamira kumaluwa. Makanda anaikidwa pansi. Okwawa anayamba kukwawa, ndipo mwana wokwawa amalunjika kumene kuli zobiriwira. Oyenda ankathamangitsa agulugufe. Ine ndinkazungulira ndi tsache ngati ndikusesa, ndikubweza uyu, ndikunyamula uyo, ndikukalipira wina kuti njuchi zimuluma. Dzanja lililonse laling'ono lolowa m'masamba linkandidula mpweya. Ndinkayang'ana tsamba louma lililonse mpaka linkaoneka ngati likupuma. Thukuta linkatsika mumsana ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndikayang'ana pakhonde n'kuona asisita akuseka ndi kamwana kolendewera pa sikelo, ndinkatsekanso.

Cha m'ma naini koloko kunafika mwana wanga wamkazi, ndi kamdzukulu kanga kumbuyo. Kamtsikana kameneko kanali ndi chaka ndi theka, kongoyamba kumene kuthamanga, kosamva kuitana. Mwana wangayo anapatsa moni anzake, namasula chitenje, nayala pomwepo pafupi ndi mpungabwi, pa malo enieni amene mzere uja unalowera. Anakhazika mwanayo pansi.

Sindinaganizenso. Ndinamukodola.

"Bwera ukhale uku ku bwato. Kuli mthunzi wabwino."

"Amayi, ndili pamzere. Ndikachoka andipitirira."

"Ndikusungira malo. Tenga mwana, tamvera."

Anandiyang'ana modabwa, koma ndinamulera womvera. Ananyamula mwana napita kukakhala pa bwato, pansi pa bwemba, kutali ndi maluwa. Nditawaona ali kumeneko mtima unakhala pansi koyamba tsiku limenelo. Ndikuvomereza kuti ndinapepukidwa, ngakhale ana a anthu ena anali adakali pomwepo.

Panali mayi wina wamtali, mkazi wa msodzi wa kumtsinje, wobereka mapasa, amene timaimba naye kwaya imodzi kutchalitchi. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma maso ake saphonya kanthu. Anaimirira, mwana mmodzi m'manja wina kumbuyo, nabwera pamene ndinaima. Sanakweze mawu, koma onse anamva.

"Amayi, chiyambire m'mawa mukuzungulira maluwawa ngati nkhuku yofuna poikira. Wanu mwamuchotsa. Athuwa mwawasiya. Mwaonamo chiyani?"

Ndinayesa kunena za njuchi, koma lilime linakana.

"Mphiri," ndinatero. "Inalowa. Sindikudziwa ngati inatuluka."

Zimene zinachitika kenaka ndinaziona ngati ndili patali. Amayi anatola ana awo, ena ndi dzanja limodzi, zitenje ndi makadi a sikelo zili mbwee pansi. Ndipo anathawira kuti? Ku bwato. Anaganiza bwino: kumene wa tsache waika mwana wake ndi kumene kulibe choopsa. Posakhalitsa pansi pa bwemba panadzaza amayi ndi ana akulira. Amuna awiri a komiti amene anali pa mpope anafika akuthamanga, wina akufunsa kale za machesi ndi palafini.

Asisita anatsika pakhonde nayima pamaso panga.

"Munaona nthawi yanji?"

"Seveni itadutsa pang'ono."

Anayang'ana wotchi yawo. "Pano ikukwana teni."

Anatembenuka n'kundisiya pomwepo. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Pakhonde panakhala bambo wina wachikulire, sikauti wa m'mudzi wa ku kampu ya nyama yapafupi, amene anabwera kudzatenga mapiritsi ake a kuthamanga kwa magazi. Moyo wake wonse wathera m'tchire kulondera nyama. Anadzuka mosafulumira, nauza amuna a machesi aja kuti adikire kaye. Anandifunsa kukula kwa mzerewo, ndinamuonetsa ndi chikhatho. Anafunsa kumene unalowera, ndinaloza. Anayang'ana mchenga wosesedwawo, kenaka nayang'ana ine.

"Munayambira kusesa mbali iti?"

Ndinaloza kumadzulo.

"Khalani chete nonse," anatero. "Ndikufuna kumva."

Ana ankalirabe, koma akulu tinatonthola. Bamboyo anaima mutu uli chopendekera. M'dimba njuchi zinkagwira ntchito yake, ndipo atimba awiri ankamwa madzi pa phale lija, opanda nkhawa. Koma apumbwa, amene m'mawa uliwonse amakhala m'timitengo ta nthudza, munalibe. Onse anali mu bwemba, pa nthambi za m'munsi, akulongolola mosalekeza, akudumpha uku ndi uku, mitu itaweramira pansi.

"Mbalamezo zayamba liti phokoso limenelo?" anandifunsa.

Zinali zitayamba ndisanatenge n'komwe tsache. Ndinazimva m'mawa wonse, ndipo zinkandinyansa, chifukwa zinkandisokoneza pamene ndinkayang'anitsitsa m'maluwa. Ndinatsata kumene zinkayang'ana. Zinkayang'ana kumapeto kwa bwato, mbali yothyoka, yoloza kutchire.

Bamboyo anayenda kupita kumeneko ngati munthu wopita kukapereka moni. Analankhula ndi amayi aja m'Chikunda, motsitsa mawu, kuti abwere kuno mmodzimmodzi, osathamanga, osapita kuseri kwa bwato. Anamvera, chifukwa nkhope yake inawauza zimene pakamwa sipananene. Gulu litachepa ndinaona mwana wanga ataima yekha, manja ali m'mutu, akuyang'ana uku ndi uku. M'chipwirikiti muja kamtsikana kanamupulumuka.

Kanali kuseri, kumapeto kothyoka kuja. Kananjuta pansi, msana uli kwa ife, kakutola timiyala n'kumaika m'kasiketi kake. Ndipo patsogolo pake pang'ono, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pa kaphazi kake, panali masamba ouma amene sanali masamba. Theka la thupi linali pansi pa bwato. Mutu, wotambalala ngati khasu laling'ono, unali panja. Ndinaimva ikupuma, mpweya wautali wokoka ndi kutulutsa, monga imachitira ikamachenjeza.

Mwana wanga anafuna kuthamanga, koma mayi wa mapasa uja anamugwira mkono.

"Amake mwana asapite, akunjenjemera," anatero bamboyo. "Inenso akandiona adzidzimuka, athawira komweko. Agogo, amakudziwani inu. Ndipatseni tsachelo."

Ndinali ndikadaligwira. Anachita kumasula zala zanga.

"Mupite chakumbuyo kwake. Musamuitane. Mukafika mumugwire m'khwapa n'kumukweza molunjika, osamukoka. Mukamukweza bwererani chammbuyo. Njokayo musaiyang'ane, imeneyo ndi yanga."

Kuchokera pamene ndinaima kufika kwa mwanayo panali mapazi osapitirira khumi. Fungo la chipinda chija cha akulu anga linandibwerera m'mphuno ngati ndi dzulo, ndipo ndinkaona kamwendo kakang'onoko katada. Ndinkapemphera, koma sindikumbuka mawu ake. Ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa kamutu kake, tsitsi lomangidwa ndi ulusi limene ndinamuluka ndekha Lamlungu. Kumbali kwanga ndinkaona tsache likutsika pang'onopang'ono, likulowa pakati pa mwana ndi njoka.

Nditatsala phazi limodzi, kanamva mthunzi wanga, kanatembenuka n'kumwetulira, kakutambasula dzanja kuti kandionetse mwala. Ndinakagwira n'kukakweza. Nthawi yomweyo ndinamva kugunda, phu, ngati munthu wamenya thumba ndi chibakera. Mphiri inali italuma tsache.

Ndinabwerera chammbuyo mpaka ndinagunda mtengo wa bwemba, ndipo ndinakhala pansi pomwepo. Mwanayo anayamba kulira chifukwa timiyala take tinatayika. Amake anamulanda m'manja mwanga, namuvula zovala zonse, akufufuza miyendo, manja, pakati pa zala. Asisita nawonso anamuyang'ana paliponse. Analibe ngakhale kokanda.

Bambo uja anaitanitsa ndowa yaikulu ya chivindikiro ndi ndodo yaitali ya mphanda. Amuna ankafuna kuiphwanya mutu, koma iye anati ntchito yake siimulola, akaitaya kutali kumene sikufika anthu. Anailowetsa m'ndowamo ndi ndodo ija, navindikira, namanga ndowayo pa njinga yake. Wa machesi uja anati nanga dimbali, poti lonjezo linali loti ikaoneka njoka tiotcha.

"Njokayo mwaipeza m'dimba kapena pansi pa benchi yanu?" anafunsa bamboyo. "Inadutsamo kufuna mbewa, inde. Koma mukaotcha, mbalame izi zichoka, ndipo ina ikadzabwera simudzakhala ndi wokuuzani. Chotsani bwatolo."

Anakangana mpaka masana, ndipo dimba silinapse. Bwato analichotsa, pamalo pake anaikapo mabenchi a miyendo yaitali oti pansi pake pazioneka. Kanjira kanga anakakulitsa, ndipo tsiku la sikelo amayi sakhalanso m'mphepete mwa maluwa. Sindinganene kuti dimbalo ndimalikonda. Ndimaliopabe. Koma masiku ano ndikafika m'mawa ndimaima kaye kumsewu kumvetsera kumene apumbwa ali, kenaka ndimazungulira manja ali kumbuyo, ndipo ngakhale nditachedwa bwanji tsache limadikira.

Asisita sanandichotse ntchito. Madzulo a tsiku limenelo anandiitanira m'chipinda chawo natseka chitseko. Anati iwonso analakwa pondiuza kuti ndizionetsetsa ndisanakuwe, ndipo kuti bola ndiwadzidzimutse kakhumi chifukwa cha paipi. Kenaka anati, "Koma maola atatu, amayi."

Mayi wa mapasa timaimbabe limodzi. Amandipatsa moni bwinobwino, amafunsa za akulu anga, koma sanandisiyirenso mwana wake kuti ndimugwirire pamene akupita kumpope, monga ankachitira kale.

Mwana wanga sanandikalipire. Usiku umenewo sanadye, ndipo m'mawa mwake anabwerera kwa mwamuna wake osatchulanso nkhaniyo. Ndinkayembekezera kuti tsiku lina adzandifunsa chifukwa chake ndinakhala chete, ndipo ndinakonza mayankho ambiri, koma sanafunse. Mwezi wotsatira anabwera ku sikelo, kamtsikana kali kumbuyo. Ndinali nditawasungira malo pa benchi yatsopano, pamthunzi, pamene ndinali nditayang'ana pansi pake katatu. Ndinamukodola.

Anandiona. Anandipatsa moni mwaulemu, atapinda maondo, monga ndinamuphunzitsira. Kenaka anapitirira nakakhala pamzere pakati pa anzake, padzuwa, pafupi ndi mayi wa mapasa, mwana ali pamiyendo. Amatero mwezi uliwonse.